ZA PAMSEWU: Njinga Ikakwera Padenga la Galimoto

 Lero tikambirane za kaliyala. Sindikunena uja wa kumbuyo kwa njinga amene timamangapo thumba la chimanga popita kuchigayo ayi, koma wa padenga la galimoto, amene njingayo imakwerapo nayonso ulendo ukatalika.

Wina anena kuti, "Nanga ife opanda galimotofe, nkhaniyi itikhudza pati?" Dekhani abale. Galimoto imakhala ya munthu mmodzi pamudzi, koma njinga zimene zimakwera pamwamba pake ndi zathu tonse. Akuluakulu akumbukira zaka za 1993 ndi 1994, nkhondo itatha ndi pangano la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992, pamene anthu ankabwerera kuchokera ku Malawi. Pamwamba pa malole ndi mabasi padali mphasa, mitondo, malata ndi njinga. Njinga zimenezo ndi zimene zidathandiza kuutsa midzi yathu. Mpaka lero njinga ndiyo imanyamula wodwala kupita kuchipatala, mbatata ya kachewere kupita kumsika wa Lizulu, ndiponso imadyetsa banja la mnyamata wa kabaza. Chinthu chotere sichoyenera kuchiponya padenga ngati mtolo wa nkhuni.

Ndiyambe ndi zimene ndidaona ndi maso anga. Mlamu wanga atagulitsa fodya adagula kagalimoto kogwirapo kale ntchito, kuti azinyamula anthu kuchokera kumudzi kupita ku Ulónguè. Adapita nako kwa mmisiri wina wowotcherera zitsulo n'kumuuza kuti, "Amisiri, ndipangireni kaliyala wamphamvu woti angasenze ngakhale ng'ombe." Mmisiriyo adachitadi zomwezo. Adasankha zitsulo zochindikala, ndipo amuna awiri adachita kubuula pomukweza padenga. Koma miyendo yake inayi adangoikoletsa m'mphepete mwa zitseko ndi timabawuti ting'onoting'ono. Tonse tidayamikira, poti pamaso kaliyalayo adali wokongola. Paja chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Tsiku lina m'mamawa tidanyamuka, ine ndili mpando wakutsogolo. Padenga padali njinga zinayi ndi thumba la mbatata, zonse zomangidwa ndi malegeni. Ndidafunsa kuti, "Alamu, kodi sizidachuluke izi?" Iwo adaseka nati, "Alamu, chitsulo chimenechi sichithyoka." Sadaname, chitsulo sichidathyoke. Koma titafika pamtsetse wina pafupi ndi mlatho, tayala lidagwa m'dzenje, iwo n'kuponda buleki mwadzidzidzi. Tidamva kuti khwee! Mwendo umodzi wakutsogolo udaguluka, kaliyala adatsetserekera kutsogolo, legeni lidaduka, ndipo njinga yapamwamba idauluka n'kukagwera m'mbali mwa msewu. Pamalo pomwepo pankadutsa amayi osenza nkhuni. Njingayo idaphonya mayi wina wobereka mwana ndi mpata wosakwana mkono.

Mwini njinga adali bambo wina wachikulire. Adatsika, n'kuyang'ana foloko yopindika ndi limu yokhota ngati nambala 8, n'kungoti, "Mwana wanga, ndidalima zaka ziwiri kuti ndigule njinga imeneyi." Nkhani idakafika pabwalo la amfumu, ndipo mlamu wanga adalipira foloko, limu, masipoko ndi nkhuku yopepesera. Denga la galimoto lidabonyoka, ndipo mpaka pano limadontha mvula ikamagwa. Komabe tidathokoza, chifukwa zikadatha kukhala maliro.

Tsono tione pamene padalakwika, poti chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Choyamba, denga la galimoto lili ndi malire ake. Buku limene limabwera ndi galimoto limanena kulemera kumene denga lingasenze poyenda. Pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri ndi pakati pa makilogalamu 50 ndi 100, ndipo kawirikawiri ndi 75. Kunena mwachimvekere, ndi thumba limodzi ndi theka la chimanga basi. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti kaliyala mwiniwakeyo amawerengedwa momwemo. Njinga zathu zachitsulo zija, monga Hero kapena Phoenix, zimalemera pafupifupi makilogalamu 20 iliyonse. Ndiye ngati kaliyala akulemera 25, pa 75 paja patsala 50, ndiko kuti njinga ziwiri zokha. Mlamu wanga adaika zinayi, kuonjezapo thumba. Ndipo pamsewu wafumbi wa mabampu ndi maenje, galimoto ikadumpha katundu amamenya denga ndi mphamvu yoposa kulemera kwake, choncho kumeneko n'koyenera kuchepetsanso. Kaliyala wabwino si wolemera koma wopepuka ndi wolimba. Mmisiri agwiritse ntchito mapaipi achitsulo obowoka m'kati, ndipo akatha mumuyeze pasikelo ya ogula mbewu kuti mudziwe chimene chatsala.

Chachiwiri, yang'anani denga lanu musanagule kapena kupangitsa kaliyala, chifukwa madenga ndi osiyana. Magalimoto akale monga Land Rover, Peugeot 504 ndi Toyota Hiace zakale ali ndi kangalande kachitsulo m'mbali mwa denga, kotsetserekamo madzi a mvula. Pamenepo mwendo wa kaliyala umaima m'kangalandemo, ndipo ngowe yake imagwira kunsi n'kumangidwa ndi bawuti. Kagwiridwe kameneka n'kolimba, bola ngati kangalandeko sikadadyeke ndi dzimbiri. Magalimoto ena ali ndi zitsulo ziwiri zoyenda m'litali mwa denga zochokera nazo kufakitale, ndipo kaliyala amapana pa zitsulozo. Ena ali ndi timabowo ta mabawuti tobisika pansi pa tizivindikiro tapulasitiki. Fufuzani, mwina muli nato koma simudziwa. Koma pali enanso a denga losalala lopanda chilichonse, monga ya mlamu wanga. Amenewa amafuna ngowe zopindidwa molingana ndi mphepete mwa chitseko cha galimoto yomweyo. Ngowe ya galimoto ina ikhoza kuoneka ngati yagwira, koma imaguluka pa tsiku loipa.

Mukaona wogulitsa akukuuzani kuti, "Uyu amakwana pa galimoto iliyonse," musafulumire kutulutsa ndalama. Muuzeni amuyeseze pa galimoto yanu inu mukuona. Safunsa adadya phula.

Chachitatu, kamangidwe. Mphamvu ya denga ili m'mphepete, pamene pali mizati ya pakati pa magalasi. Pakati pa denga ndi lata lopyapyala loti mukhoza kulibonyola ndi chigongono. Choncho miyendo iime m'mphepete, ndipo chitsulo chopingasa chakutsogolo chitalikirane ndi chakumbuyo ndi masentimita 70 kapena kupitirira. Musalole mmisiri kuboola denga mwachisawawa. Bowo lililonse ndi khomo la mvula ndi dzimbiri. Tsukani pamalopo, ndipo pansi pa mwendo uliwonse ikanipo kachidutswa ka chubu chakale kuti chitsulo chisadye penti ndiponso chisaterereke. Pomanga mabawuti, musamalize limodzi kenako n'kupita pa lina. Mangani pang'onopang'ono mosinthanasinthana, kumanzere ndi kumanja, mpaka onse atagwira mofanana. Nati iliyonse ikhale ndi washala wa sipuling'i, kapena ikani manati awiri pa bawuti limodzi, chifukwa kugwedezeka kwa pamsewu kumamasula nati yokhala yokha. Mukatha, gwirani kaliyala ndi manja awiri n'kumugwedeza mwamphamvu. Igwedezeke ndi galimoto yonse. Ngati akusuntha yekha, ntchito sidathe.

Chachinayi, kakwezedwe ka njinga. M'masitolo a m'mizinda mumapezeka zitsulo zoimikira njinga chilili padenga, zokhala ndi kanjira kolowamo matayala ndi dzanja logwira felemu. Ndi zabwino, koma zambiri zidapangidwira njinga zosapitirira makilogalamu 20, ndipo njinga yoimirira imatalikitsa galimoto ndi mita imodzi ndi kanthu. Kwathu kuno, kumene nthambi za mango ndi mawaya zimalendewera pamsewu, ndi bwino kuigoneka. Chotsani kaye pampu, nyali, dengu ndi chilichonse chomwe chingauluke. Mbali ya tcheni iyang'ane kumwamba. Pedulo ya pansi ndiyo imaboola denga, tsono ichotseni ndi sipanala ya 15. Kumbukirani kuti pedulo ya kumanzere imamasuka mosemphana ndi mabawuti ena. Ambiri amaononga mazinga ake poikakamiza. Masulani bawuti la handulo n'kuitembenuza kuti igone motsata felemu. Ngati njinga ndi ziwiri, ina iloze kutsogolo ina kumbuyo, ndipo pakati pake muikepo masaka kapena katoni. Thumba lolemera lisakhale pamwamba pa mawilo. Malo ake ndi m'kati mwa galimoto.

Chachisanu, chingwe. Malegeni ndi abwenzi athu pa kaliyala wa njinga, koma padenga la galimoto ndi adani. Amatanuka, ndipo dzuwa likawaomba, makamaka mukamatsikira kotentha ku Tete, amang'aluka n'kuduka osachenjeza. Gwiritsani ntchito chingwe cholimba cha nayiloni kapena malamba omangira katundu aja okhala ndi chokungira chachitsulo. Njinga iliyonse imangidwe payokha ku kaliyala, pa felemu malo awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, osati pa masipoko. Mukamanga zonse ndi chingwe chimodzi, chikaduka zapita zonse. Nsonga za chingwe zisalendewere, ndipo wilo kapena handulo zisatulukire m'mbali mwa galimoto, kuopa kukola oyenda pansi ndiponso kukangana ndi apolisi apamsewu.

Mukanyamuka, imani mutayenda makilomita 10 kapena 15, mugwedezenso katundu n'kuona manati. Chitaninso chimodzimodzi mukachoka pamsewu wafumbi kulowa patala. Galimoto yosenza padenga imapendama msanga pokhota, imakankhidwa ndi mphepo, ndipo imamwa mafuta ambiri. Chepetsani liwiro, yambani kuponda buleki mukadali patali, ndipo masiku amene simunyamula kanthu muchotseni kaliyalayo.

Mawu otsiriza apite kwa inu eni njinga amene mumakwera machapa ndi magalimoto a anzathu. Musathamangire kukalanda mpando njinga yanu isanamangidwe. Imani pomwepo muone. Ngati kondakitala akuiponya pamwamba pa zinzake, kapena akuikanikiza ndi matumba, muuzeni mwaulemu kuti, "Achimwene, chonde ikonzeni bwino." Yendani ndi chingwe chanuchanu m'thumba, mtengo wake sufika pa mtengo wa limu. Muonetseni kuti njinga yakwera ili bwino, ndipo mumvane ulendo usanayambe kuti ikaonongeka alipira ndani. Ngati mwagula njinga yatsopano ku Dedza ndipo mudutsa nayo pachipata cha Calómuè, sungani lisiti lake. Ndipo mukaona kuti padenga padzaza kale, dikirani galimoto ina. Kuchedwa ndi ola limodzi sikufanana ndi kulima zaka ziwiri.

Mlamu wanga pano adadulitsa kaliyala uja kuti apepuke, adagula ngowe zoyenera, ndipo sakweza njinga yachitatu ngakhale mutamuonjezera ndalama. Anthu amati wayamba kunyada. Iye amangoyankha kuti, "Inu simudamuone mayi uja ndi mwana wake."

Sabata yamawa, tikakhala moyo, tidzakambirana za matayala ogwirapo kale ntchito ndi momwe tingadziwire zaka zake. Yendani bwino.

Ine wanu wa Za Pamsewu.