Dengu la pa intaneti lifike kaye ku Feira

Mwezi wathawu mwana wa mlongo wanga anabwera kudzationa kuno ku Luangwa boma, laputopu ili m'chikwama. Anaphunzira za makompyuta ku Lusaka, ndipo chaka chathunthu wakhala akugona usiku kwambiri, kumanga chinthu chimene akuti chidzamudyetsa iye ndi anzake awiri. Madzulo dzuwa litapepa tinakhala pakhonde, iye n'kutsegula makina aja. "Amalume, onani," anatero, "iyi ndi sitolo ya pa intaneti. Aliyense wogulitsa akhoza kukhala nayo yake m'mphindi khumi."

Anandiyendetsa bwino ndithu. Wamalonda amalembetsa ndi foni, n'kuikapo zithunzi za katundu ndi mitengo yake, kenako amapatsidwa linki yoti atumizire anthu. Wogula akatsegula linkiyo amasankha zimene wakonda, zikulowa m'dengu la pa sikirini, pulogalamu ikuwonkhetsa yokha, mpaka walipira. Wamalondayo sagula seva, salemba ntchito katswiri, sada nkhawa ndi akuba a pa intaneti. Zonsezo zimakhala m'manja mwa mwini pulogalamu, amene amalandira kangachepe mwezi ndi mwezi. Ndinamuuza kuti ndamva, chifukwa msika wa khonsolo umayenda chimodzimodzi: khonsolo imamanga shedi, imasesa, imaika mlonda, iwe n'kumalipira benchi yako.

Ndinasangalala naye, ndipo mpaka lero ndikusangalala. Ntchito imeneyi si yamasewera ayi. Mu 1995 Paul Graham ndi Robert Morris anayambitsa Viaweb ku America, sitolo zobwereketsa zimene munthu ankazimanga pa intaneti pomwepo, ndipo mu 1998 kampani ya Yahoo inaigula ndi masheya a madola pafupifupi 49 miliyoni. Shopify, imene lero yamanga nthenje m'maiko ambiri, inabadwira ku Ottawa m'dziko la Canada mu 2006. WooCommerce, imene munthu amadziikira yekha pa seva yake, inatuluka mu 2011 m'kampani imene awiri mwa oiyambitsa anali a ku South Africa. Choncho mnyamata wathu sakulota zosatheka.

Koma m'mbiri ya Shopify muli kanthu kamene ndinamupempha kuti akagwiritse. Tobias Lütke sanayambe ndi kugulitsa pulogalamu. Mu 2004 iye ndi anzake ankagulitsa matabwa otsetserekera pa chipale, m'sitolo yawo ya Snowdevil, ndipo mapulogalamu amene analipo sanawakwanire. Anamanga yake chifukwa vutolo ankalimva pathupi pake ngati wogulitsa. Ndinamufunsa mwanayo kuti iye wagulitsako chiyani chibadwire. Anangoseka. Ndiye m'mawa mwake ndinamutenga kupita naye kwa azakhali ake, amene akhala akugulitsa nsomba zouma kwa zaka zoposa makumi awiri.

Tisanafike kumeneko ndinene za malo ano, pakuti ambiri a ku Lusaka amangowadziwa ngati kwa njovu ndi kutentha. Dzina lakale la tauni ino, limene likadali dzina la konsitichuwense yathu, ndi Feira, ndipo m'Chipwitikizi liwu limeneli ndi msika. Pano Luangwa amathira mu Zambezi. Kutsidya kwa Luangwa ndi Zumbo wa ku Mozambique, kumene amalonda a Chipwitikizi ndi a ku Goa anakhazikika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700. Kutsidya kwa Zambezi ndi Kanyemba wa ku Zimbabwe. Minyanga, golide, nsalu ndi mikanda zinadutsa padoko lino, ndipo pambuyo pake anthu enieni anagulitsidwa pano, chinthu chimene sitiyenera kuchiiwala. David Livingstone atafika mu Januwale 1856 anapeza mabwinja a nyumba zamiyala ndi belu losweka la tchalitchi. Msika unali utafa. M'zaka zonsezo katundu ankachokera kwa anthu a kuno, koma mtengo ankaudula ndi obwera. Lero nsomba zathu, mphasa, madengu ndi masau zikuyendabe m'njira yomweyo: wobwera ndi galimoto ndiye amanena mtengo, mwini katundu n'kuvomera poopa kuti zimuwonongekera. Ngati dengu la pa intaneti lili ndi phindu kwa ife, phindu lake ndi lakuti mayi wa ku Feira adzidulire mtengo yekha kwa wodya wa ku Matero kapena ku Chelstone.

Azakhali ake anamvetsera mpaka anamaliza, manja ali pa thumba la pende. Kenako anafunsa, "Mwanangu, ndalamayo izilowa kuti?" Iye anawaonetsa bokosi lolembamo manambala a khadi la Visa. Iwo anapukusa mutu. Makasitomala awo onse amalipira pa Airtel Money kapena MTN MoMo, ena pa Zamtel, ndipo ndalamayo amakaitapa pa kabuthi ka pamsika. Apa ndi pamene makampani akuluakulu akunja amatilephera. Njira yolipirira ya Shopify mwiniwake sigwira ntchito m'Zambia, ndiye wamalonda amayenera kudzera kwa kampani ina, n'kulipira kuwiri, pomwe lendi ya mwezi ndi ya madola, kwacha ikagwa lendiyo yakwera. Mpata wa ana athu uli pamenepa. Dengu lawo lizitumiza uthenga pa foni ya wogula woti aike nambala yake yachinsinsi, basi, nkhani yatha. Bungwe la Baymard, limene limafufuza za malonda a pa intaneti, limati pa madengu 100 amene anthu amadzaza, pafupifupi 70 amasiyidwa osalipiridwa. Kumeneko ndi kwa anthu a makadi ndi intaneti yothamanga. Kuno, bokosi lililonse losafunika limene mungawonjezere ndi kasitomala amene mwamuthamangitsa. Ana athuwa aziwerengeranso kuti chiyambire Januwale 2024 boma limadula msonkho pa ndalama zotumizirana pa foni, kotero tindalama todulidwa apa ndi apo tisachuluke mpaka kudya phindu la mulu wa nsomba.

Koma kulipira ndi mbali yaing'ono. Nkhani yaikulu ndi kukhulupirirana. Ndani mwa ife amene sanalandirepo ka uthenga kaja koti tumizani ndalama ija pa nambala iyi? Anthu anapsa nazo. Mayi wa ku Lusaka satumiza K500 kwa munthu amene sanamuonepo, ndipo azakhali satumiza thumba lawo kwa munthu amene sanalipire. Ndinamuuza mnyamatayo kuti chimene angagulitse kwenikweni ndi umboni. Ndalama ya wogula iime pakati, azakhali alandire uthenga woti yafika, atumize katundu, wogula akalandira atsimikize ndi kanambala, ndalama imasuke. Anadumpha ndi chimwemwe, koma ndinamukhazika pansi. Kusunga ndalama za anthu ena m'dziko muno kumafuna chilolezo cha Bank of Zambia. Iye ndi anzake agwirizane ndi kampani imene ili kale ndi chilolezocho, asayese kusunga ndalama za amayi pa foni yawoyawo, ngakhale kwa tsiku limodzi.

Atapitiriza kuwaonetsa, tinafika pa tsamba lofunsa keyala: dzina la msewu, nambala ya nyumba, nambala ya positi. Azakhali anaseka mpaka misozi. Katundu wa kuno sayenda choncho. Amakwera basi kapena kanta, kuyenda makilomita pafupifupi 90 kukafika pa mlatho wa Luangwa, n'kukhotera mumsewu wa Great East, ulendo wonse wopitirira makilomita 300 kukafika ku Lusaka. Keyala yake ndi nambala ya foni ya kondakitala ndi dzina la siteshoni. Chaka china thumba lawo linafika litanyowa ndi mvula chifukwa analiika pamwamba opanda chofunda, ndipo panalibe kapepala kalikonse kosonyeza amene analandira. Anataya ndalama ya mwezi wathunthu. Dengu loyenera Feira lizifunsa kuti katundu wapatsidwa kwa yani, galimoto yake nambala yanji, wanyamuka nthawi yanji, ndipo wogula azilandira zimenezi pa foni yake nthawi yomweyo. Palibe mmisiri wa ku Ottawa amene angakhale pansi kuganizira kondakitala wa pa msewu wa Luangwa. Mwana wathu angathe.

Panali zinanso zing'onozing'ono zimene sakanazidziwa ali ku Lusaka. Nsomba sigulitsidwa ngati nsapato za saizi imodzi. Imapita pa mulu, mulu wa lero si wa mawa, ndipo wogula wabwino amaikiridwa mbasela. Ndinamuona akulemba liwu limeneli m'kabuku kake, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Azakhali alibe foni yaikulu, ndiye oda izibwera ngati uthenga wamba pa kafoni ka mabatani, m'Chinyanja. Zithunzi zikhale zopepuka kuti zisamalize mabandulo. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, anthu m'dziko muno ankakhala maola ochuluka pa tsiku opanda magetsi, ndiye oda isamafe chifukwa foni yazima theka la tsiku.

Funso lomaliza la azakhali ndi limene linamusowetsa chonena. Atawauza kuti azilipira ndalama yakutiyakuti mwezi uliwonse, iwo anati, "Nanga Januwale ndidzakulipira ndi chiyani?" Chaka chilichonse kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale boma limatseka usodzi kuti nsomba ziswane. Miyezi itatu imeneyo benchi ya azakhali imakhala yopanda kanthu. Lendi ya pamwezi ndi nzeru ya kumaiko kumene sitolo imagulitsa chaka chonse. Kuno malonda amayenda ndi nyengo: nsomba nthawi yake, masau m'miyezi yozizira, mphasa ndi madengu pamene bango ndi mlaza zauma. Ine ndikuti adule kachigawo kochepa pa chimene chagulitsidwa, m'makwacha. Wamalonda akadya, iyenso adye. Ndikudziwa kuti zimenezi zimamuvutitsa, chifukwa seva amailipira mwezi ndi mwezi kaya anthu agula kaya ayi, ndipo aliyense woika ndalama m'kampani yotere amafuna kuona ndalama yolowa mosadukiza. Komabe kuli bwino kukhala ndi amalonda mazana awiri amene amakupatsa pang'onopang'ono kusiyana ndi asanu amene adzakusiya Khirisimasi isanafike. Ndipo pulogalamuyo izitseka yokha shelefu ya nsomba za mumtsinje nthawi ya chiletso. Tisamange chida chothandiza kupha nsomba za mazira.

Za kagulitsidwe ka pulogalamuyo tinatsutsana usiku wonse. Iye ankafuna kulipira malonda pa Facebook. Ine ndinamukumbutsa kuti mpikisano wake weniweni ndi WhatsApp, imene ndi yaulere, ili kale m'manja mwa aliyense, ndipo chiyambire 2019 ili ndi malo oonetsera katundu, mu 2020 n'kuwonjezera dengu lake. Munthu sasiya chaulere chimene anazolowera chifukwa cha chithunzi chokongola. Linki yake izikhala m'kati mwa WhatsApp momwemo, ndipo izipereka chimene WhatsApp sipereka: ndalama yotetezeka, umboni wa katundu, ndi buku la malonda. Buku limeneli musalipeputse. Mu 2022 ndalama za boma za chitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, ndipo mbali ina ndi ngongole ndi thandizo kwa magulu a amayi ndi achinyamata. Kalabu ya amayi imene ingaonetse zimene yagulitsa miyezi isanu ndi umodzi ikhoza kuima pamaso pa komiti molimba mtima. Choncho agulitse kwa magulu: makalabu, makopaletivu, amayi a chilimba, oluka madengu a pa mlatho. Sitolo imodzi ya anthu makumi awiri, wachinyamata mmodzi wa foni yaikulu akuiyendetsa. Anyamata ndi atsikana a m'mabuthi a ndalama ndiwo angakhale omulengezera, chifukwa ndi amene anthu amawakhulupirira kale ndi ndalama zawo.

Chimodzi ndinamuchonderera ngati malume wake. Manambala a makasitomala a azakhali ndi chuma chawo, anachisonkhanitsa zaka makumi awiri. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2021 lilipo, koma ngakhale likanapanda kukhalapo, asadzagulitse manambala amenewo, ndipo tsiku limene wamalonda afuna kuchoka amupatse mndandanda wake wonse. Akapanda kutero adzangokhala wobwera winanso wodula mtengo pa doko la Feira, kusiyana kwake n'kwakuti iye ndi mwana wa kuno.

Za ku Zumbo ndi ku Kanyemba, za metikali ndi madola, anazitchula ali ndi maso owala. Ndinamuuza kuti zidikire. Thumba limodzi liyambe lafika bwino ku Lusaka.

Anabwerera ndi kabuku kodzaza, atafufuta theka la zimene anamanga chaka chonse. Sanakhumudwe. Wagwirizana ndi azakhali ake ndi amayi ena anayi kuti ayambe nawo usodzi ukadzatsegulidwa pa 1 Malichi, ndipo adzakhala kuno sabata ziwiri akugona kwathu, m'mawa uliwonse ali padoko. Anzake a ku BongoHive ndi ena onse amene mukumanga zoterezi ku Lusaka, basi ya ku Luangwa ilipo, bwerani mudzakhale pamsika musanalembe mzere wina. Ndipo inu amene mumadya pende wa kuno muli m'tauni, linkiyo ikadzakufikani pa foni, gulaniko mulu umodzi, ndipo mukadzalandira katundu mutsimikize msanga kuti mayiyo alandire ndalama yake tsiku lomwelo.