Kamwana ka nsato sikakhala kamwana

Sabata lathali, titatsiriza mapemphero a mphakati, mai wina anatikokera pambali natisonyeza cithunzi pa foni. Mwana wao amene agwira nchito ku Johannesburg waimirira m'nyumba mwake, njoka yofiira itazinga mkono, iye mano mbee kuseka. Maiwo tulo sanationenso. Funso lao linali limodzi: kodi mwana wanga wayamba kukhwimira cuma? Pamudzi nkhaniyo inali itayamba kale kuyenda, ndipo tonse tidziwa kumene nkhani zotere zimathera. Mabanja amene ali ndi ana kunja kapena ku Lusaka ndi ambiri, cotero taona kuti ndi bwino tilembe pano.

Kuweta njoka si ufiti. Ku South Africa, ku Ulaya ndi ku America anthu amasunga njoka m'mabokosi a galasi monga mmene ife tisungira nkhunda, ndipo kuli masitolo ogulitsa njokazo pamodzi ndi cakudya cake. Inde, njoka ya m'munda wa Edeni tonse tinaiphunzira pa katekisimu, koma tinaphunziranso za njoka yamkuwa imene Mose anapacika m'cipululu kuti olumidwa acire. Njoka ndi colengedwa monga zolengedwa zina. Amene afulumira kuloza cala akumbukenso kuti pa lamulo la dziko lino, Witchcraft Act, kuchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Ife vuto tiliona pena, pa kusankha. Njoka zambiri zimagulitsidwa zikali tiana, tokongola, tokwana m'dzanja. Wogula aona utali wa lero, osafunsa kuti ikakula idzafika pati. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Titenge nsato, imene alimi aidziwa bwino. Ikamaswa dzira imangopitirira pang'ono theka la mita, ndipo mnyamata woweta mbuzi angainyamule m'thumba la jekete. Koma yaikulu imafika mamita 4, zina kuposa pamenepo. Iyamba ndi makoswe, kenaka nkhuku, kenaka ana a mbuzi ndi agwape. Ilibe ululu, koma mano ake amang'amba koopsa ndipo mphamvu yake yozinga munthu mmodzi sangalimbane nayo. Nanga bokosi losungiramo cinthu cotere mudzalipeza kuti? Oweta njoka amati bokosi liyenera kutalika pafupifupi ngati njoka yomwe. Ndiye kuti cipinda cathunthu.

Izi si zoopseza cabe. Mu 2013 ku Campbellton, m'dziko la Canada, nsato ya kuno ku Africa yotalika pafupifupi mamita 4 inathawa m'malo mosungiramo, inadzera m'paipi ya mphepo ndi kugwera m'cipinda mmene munagona ana awiri apacibale, wa zaka 4 ndi wa zaka 6. Onse awiri anafa. Ku Florida, ku America, anthu anali kugula tiana ta nsato ya ku Asia yochedwa Burmese python. Zitakula, zina zinathawa, zina eni ake anakazitaya ku madambo a Everglades. Kumeneko zinaswana mpaka kutsala pang'ono kutha akalulu ndi tinyama tina. Mu 2012 boma la America linaletsa kulowetsa m'dzikomo mtundu umenewu pamodzi ndi nsato zikuluzikulu za ku Africa, koma madzi anali atatayika kale. Mu 2023 anagwirako imodzi ya mamita 5.79.

Tsono ngati mwana wanu waumirira, mfunseni dzina la mtundu wake. Ilipo mitundu imene imakula ndi kuima. Corn snake, ya kum'mwera cakum'mawa kwa America, imathera pakati pa mita imodzi ndi mita ndi theka, ndi yowonda, yofatsa, yopanda ululu. Ball python ndi nsato ndithu, koma ya ku West Africa, ku maiko monga Ghana, Togo ndi Benin. Nayonso kawirikawiri sipitirira mita ndi theka, ndipo ikaopa imadzipinda ngati mpira, mutu m'kati. Kenyan sand boa ndiye yaifupi zedi, siifika ndi mita yomwe, ndipo nthawi yambiri imakhala itadzikwirira mumcenga. Pa zitatuzi ife tingaloze corn snake, cifukwa sivuta kudya. Ball python ili ndi khalidwe lokana cakudya miyezi ingapo, mwini wake mtima uli m'mwamba.

Komabe kufupika si kupepuka kwa nchito. Corn snake imakhala zaka 15 mpaka 20, ball python 20 mpaka 30. Mnyamata woigula ali ndi zaka 25 adzakwatira, adzabala ana, njoka ikalipo. Kodi mkaziyo adzavomera? Cakudya cake ndi mbewa yathunthu pa sabata kapena pa masabata awiri, ndipo ife a Kum'mawa tidziwa kuti mbewa ili ndi eni ake ena. Mbewa zokumba m'munda kapena makoswe a m'nyumba si zabwino kwa njoka yoweta cifukwa mwina zadya mankhwala ophera makoswe. Oweta amagula mbewa zoweta ndi kuzisunga m'firiji. Firiji ifuna malaiti. Njoka nayonso sidzitenthetsa yokha, ifuna nyale kapena cotenthetsera m'bokosi, makamaka mu Juni ndi Julayi. Amene akumbuka mmene malaiti anavutira mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, adziwerengere okha. Cina, njoka zimanyamula tizilombo ta Salmonella totsegula m'mimba. Woigwira asambe m'manja ndi sopo, ndipo ana aang'ono asaseweretse.

Kwa ife a kuno palinso lamulo. Zambia Wildlife Act ya 2015 siilola munthu kungotola nyama yam'thengo ndi kuisunga. Cilolezo cimacokera ku Department of National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa ZAWA. Kubweretsa njoka kucokera kunja nakonso kufuna mapepala. Wofuna kungoona njoka bwinobwino angapite ku Kalimba Reptile Park, pafupi ndi Lusaka.

Koma kwa mlimi maganizo athu ndi awa: njoka yaing'ono yoyenera inu muli nayo kale, ndipo siifuna bokosi. Ndi njoka ya m'nyumba ija yofiirira ngati dothi, ena amati cakusa, yokhala ndi mizere yoyererako m'mbali mwa mutu kucokera kumphuno kudutsa pa diso. Siipitirira kwenikweni mita imodzi, ilibe ululu, ndipo usiku imalowa m'mauna kudya makoswe ndi ana ao. Ku South Africa ndi ku Ulaya anthu amaigula ndi ndalama. Ife tikaiona pansi pa nkhokwe tithamangira mpini, ndipo mawa lake tidandaula kuti makoswe atha cimanga.

Apa ticenjeze. Kuileka si kuigwira. Pali kanjoka kena kakuda, kowonda, kosafika mita, kamene kamatuluka m'nthaka usiku mvula ikagwa. Azungu akacha stiletto snake. Kaoneka kopusa, koma mano ake amabaya cam'mbali, cotero ngakhale mukagwire pakhosi kakulumani cala, ndipo ena zala zinaduka. Mwana wa mphiri naye ali ndi ululu kuyambira tsiku lobadwa. Njoka imene simuidziwa isiyeni ipite, ndipo wolumidwa athamangire naye ku cipatala, osaceka pabala, osamanga cingwe.

Mai aja tinawapempha kuti aimbire mwana wao pomwepo ife tikumva. Mnyamatayo anati ndi corn snake, ali nayo caka cacitatu, yafika mita imodzi ndi pang'ono. Tinawafotokozera zonse talembazi. Anapuma mozama, namuuza kuti akamabwera pa Khirisimasi abweretse shuga ndi citenje, njokayo aisiyire anzake komweko.