Mankhwala Obisala m'Mipando Yathu

Mwezi wa Okutobala ukafika, ife a ku Zomba moto timauona ndi maso. Madzulo tikayang'ana kuphiri timapeza nkhalango za paini zili laŵilaŵi. Moto wa m'nyumba nawonso timaudziŵa: kandulo woiŵalika pafupi ndi neti, koloboyi wogubuduzika, mbaula yoloŵa nayo kuchipinda nthaŵi yachisanu. Choncho wina atatiuza kuti alipo mankhwala oletsa katundu kuyaka msanga, ambiri tingaombe m'manja. Komatu ena mwa mankhwala ameneŵa anadza ndi vuto lawo, ndipo mwezi uno tifuna tikambirane zimenezi.

Nkhaniyi inayambira kutali. M'chaka cha 1975 boma la California ku America linalamula kuti siponji ya m'mipando izipirira laŵi la moto kwa kanthaŵi. Pofuna kukwaniritsa lamuloli, opanga mipando anayamba kuthira mankhwala m'siponji, ndipo odziŵika kwambiri ndi aja otchedwa PBDE. Mankhwala a mtundu womwewo ankaikidwanso m'mapulasitiki a ma TV ndi makompyuta. Chenjezo linali litamveka kale. Mu 1973 ku Michigan, mankhwala oletsa moto anasakanikirana mwangozi ndi zakudya za ziŵeto, kotero kuti ng'ombe pafupifupi 30,000 zinaphedwa, anthu ambiri atamwa kale mkaka wake. Mu 1977 akatswiri aŵiri, Arlene Blum ndi Bruce Ames, anaonetsa kuopsa kwa mankhwala a Tris amene ankaikidwa m'zovala zogonera za ana, ndipo chaka chomwecho America inaŵaletsa m'zovalazo. Pofika 1998 ofufuza a ku Sweden anapeza kuti PBDE akuchulukirachulukira mu mkaka wa m'maŵere.

Kodi mankhwala a mumpando angafike bwanji m'thupi la mayi? Yankho lake ndi fumbi. Mankhwalaŵa samamatirira siponji kotheratu. Amatuluka pang'onopang'ono nkusakanikirana ndi fumbi la m'nyumba. Mwana wokwaŵa amagwira pansi, kenaka chala chiloŵa m'kamwa. Akaloŵa m'thupi amakhazikika m'mafuta kwa zaka, amasokoneza ntchito ya chithokomiro, ndipo ofufuza aona kuti angabweze m'mbuyo kakulidwe ka ubongo wa mwana. Ichi ndicho chifukwa chake maiko, kudzera m'Pangano la Stockholm limene Malaŵi analivomereza, analetsa mitundu iŵiri ya PBDE mu 2009 ndi mtundu wachitatu mu 2017. California nayonso inasintha lamulo lake lija mu 2013.

Wina anganene kuti, "Zimenezo nza kwa azungu." Iyayi. Lamulo liletsa kupanga, koma silichotsa katundu amene anapangidwa kale. Sofa yakale, mpando wa m'galimoto, TV ndi kompyuta zimene eni ake kunja anatopa nazo, zambiri zimathera kuno pa mtengo wotsika. Tikazigula timakondwa, ndipo mpoyenera, pakuti ndalama nzovuta. Koma sofa ikang'ambika, ana amatong'ola siponji namaseŵeretsa, ena mpaka kutafuna. Ikatheratu timaiponya kudzala nkuyatsa moto, osadziŵa kuti utsi wakudawo uli ndi poizoni woposa uja anali mumpando.

Tsono madzi saiŵala khwaŵa. Mvula ikagwa, phulusa ndi zinyalala za m'tauni zimatsikira mu Likangala, ndipo Likangala amakathira m'nyanja ya Chilwa. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Choloŵamo chimakhala momwemo. Mankhwala a mtundu uwu saola msanga, ndipo amaunjikana m'matope ndi m'mafuta a nsomba. Matemba ndi milamba ya ku Chilwa ndiyo ndiwo zathu za tsiku ndi tsiku. Chimene titaya kumtunda lero chingathe kubwerera pambale maŵa.

Nanga tichitenji? Sitikunena kuti titaye mipando yathu yonse, ndiponso amayi asaleke kuyamwitsa, pakuti ubwino wa mkaka wa m'maŵere uposa kutali ngozi imeneyi. Zofunika nzapafupi. M'nyumba tizikolopa ndi kupukuta ndi nsalu yonyowa m'malo mosesa mouma, mazenera ali otsekula. Ana azisamba m'manja ndi sopo asanadye. Sofa kapena matiresi akang'ambika, tisoke msanga kapena tipite nawo kwa mmisiri kuti akutenso nsalu ina. Siponji, mawaya ndi mapulasitiki a zipangizo zamagetsi tisatenthe, tisakolezere mbaula, ndiponso tisataye mumtsinje. Mphasa, mkeka ndi mpando wa thabwa tisazinyoze ngati zachikale. Mwana wokwaŵa pamkeka woyera ali pabwino.

Achinyamata amene mumatentha mawaya kuti mupezemo kopa wogulitsa, kapena mukuphunzira umisiri wa masofa, mapapo anu muli nawo aŵiri okha. Gwirani ntchito panja pamene pali mphepo, phimbani mphuno, ndipo sambani musanagwire nsima.

Pomaliza tikumbutsane kuti chotchinjiriza banja ku moto ndi chisamaliro cha eni nyumba. Kandulo aime m'mbale, kutali ndi neti ndi makatani. Mbaula igone panja. Machesi akhale pamene mwana safikira. Usiku uno, tisanapite kogona, mmodzi wa ife ayendere nyumba yonse ndi kuona kuti moto wazimadi.