Magemu akale sanali okoma kuposa a lero, komabe muziwasewera

Sabata yatha ndinali pa Liwonde kwa achemwali anga. Magetsi atathima chakumadzulo, tonse tinatuluka kukakhala pakhonde kupunga kamphepo kochokera ku Shire. Mwana wawo wa Fomu 3 anali atakwinya nkhope chifukwa foni inamuthimira ali mkati mwa gemu ya mpira. Ine ndinapisa m'chikwama n'kutulutsa ka Nokia kanga ka mabatani, kamene ndimasunga mpaka pano, n'kumutsegulira Snake. Anayang'ana kwa kanthawi, kenako akuti, "Ankolo, ndiye gemu yake ndi imeneyi basi? Kamzere kameneka?" Ndinati angoyesa kaye. Nsima inapsa, inafika pozizira, mayi ake akuitana, mnyamata ali duu pa mabatani.

Mukhoza kuganiza kuti ndikufuna kunena zija amanena akuluakulu, zoti zakale ndiye zinali zenizeni. Ayi. Ine ndasewera magemu kuyambira ndili ku pulayimale ku Balaka mpaka lero, ndipo maganizo anga ndi akuti magemu ambiri akale anali osakoma, kungoti ubongo wathu umatinamiza. Komabe ndikuti inu a ku sekondale muziwasewera, chifukwa gemu yakale ili ngati wailesi yotsegula kumbuyo: umaona mawaya onse, n'kumvetsa momwe chinthucho chikugwirira ntchito.

Kupukwa kumanama

Gemu yoyamba imene ndinagwira inali ya mnzanga wina amene bambo ake ankagwira ntchito ku Joni. Anabwera nako kamakina kapulasitiki kolumikiza ku TV, ndi makaseti achikasu olembedwa kuti muli magemu 9999. Tinkadzaza m'nyumbamo ngati ku vidiyo sho, kudikirana kuti wina afe kuti nawe ugwireko. Patapita zaka m'pamene ndinadziwa kuti makinawo anali okopera ku Famicom, makina amene kampani ya Nintendo inatulutsa ku Japan mu 1983.

Ndikakumbukira masiku amenewo mtima umachita kuti myaa. Kumva kotereku pa Chingerezi amati nostalgia. Mawuwa anawapanga ndi Johannes Hofer, wophunzira za udokotala, mu 1688 ku Switzerland, pofotokoza anthu amene ankadwala chifukwa chopukwa kwawo. Iye ankati ndi matenda. Lero sitikutinso ndi matenda, koma tikudziwa kuti kupukwa kumasankha zoti tikumbuke. Akatswiri a za maganizo anapeza kuti anthu achikulire akafunsidwa za moyo wawo, zambiri zimene amakumbukira bwino ndi zimene zinachitika ali ndi zaka za pakati pa 10 ndi 30. Ndiye munthu akamati nyimbo za kale, mpira wa kale, magemu a kale, kawirikawiri chimene akuchisowa ndi unyamata wake.

Palinso bodza lachiwiri. Pa magemu 9999 aja, enieni anali ochepa chabe, ena onse anali omwewo obwerezedwa, atangosintha dzina kapena mtundu. Ine ndimakumbuka Super Mario, Contra, ya akasinja ija ndi yowombera abakha. Enawo ndinaiwala chifukwa anali obowa. Zabwino zimatsala m'mutu, zoipa zimasowa, kenako timayerekeza zabwino zochepa za kale ndi zonse za lero, zabwino ndi zoipa zomwe. Kumeneko si kuyeza kwachilungamo. Umboni wake ulipo: mu 1983 kampani ya Atari inakwirira makaseti amene analephera kugulidwa m'dzala la ku Alamogordo, ku New Mexico m'dziko la America, ndipo mu 2014 anthu anakafukula n'kuwapezadi. Pakati pawo panali gemu ya E.T., imene ambiri amaitchula akamakamba za magemu osakoma. Zinyalala zinalipo kalekale.

Ndiye n'kuseweranji?

Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Magemu akale analibe zithunzi zokongola zobisalamo, choncho amene anapulumuka ndi okhawo amene anali ndi nzeru mkati. Ndipo nzeruzo ndi samu ndi fizikisi yomweyo imene mukulemba pa mayeso.

Tiyambe ndi kukula kwake. Super Mario Bros., ya mu 1985, yonse yathunthu ndi pafupifupi 40 KB. Chithunzi chimodzi cha 2 MB chimene mwajambula pa foni chikhoza kusunga gemu imeneyi ka 50. Malo atachepa choncho, opanga ankachita kuumira byte iliyonse ngati mayi akugawa ndiwo zochepa kwa ana ambiri. Mukadzaiona gemuyi, mudzayang'anitsitse mitambo ya m'mwamba ndi zitsamba za pansi. Ndi chithunzi chimodzi chomwecho, anangosintha mtundu, china choyera china chobiriwira. Ine ndinasewera zaka osazindikira.

Chachiwiri, manambala a kompyuta ali ndi malire. Kompyuta imawerenga ndi 0 ndi 1 basi, ndipo kalikonse mwa timeneti ndi bit. Ma bit 8 amapanga byte imodzi. Chulukitsani 2 ndi 2 mpaka ma 2 akwane 8, mupeza 256. Ndiye kuti byte imodzi imasunga manambala kuyambira 0 kulekeza 255, ndipo ukawonjezera 1 pa 255 imabwerera pa 0, ngati mita ya galimoto ikadzaza. Gemu ya Pac-Man, imene kampani ya Namco inatulutsa mu 1980, imasunga nambala ya levulo mu byte imodzi. Munthu akafika levulo 256, nambala ija imasefukira, ndipo theka la kumanja la sikirini limadzaza ndi zilembo zosokonekera moti sungamalize. Opanga sanaganize kuti wina angafike kumeneko. Ngati aphunzitsi a Computer Studies anakuphunzitsani binary inu n'kumati zimenezi n'zantchito yanji, yankho lake ndi limenelo.

Chachitatu, nthawi zina vuto limasanduka mphatso. Tomohiro Nishikado, amene anapanga Space Invaders mu 1978, anali ndi makina ofooka. Adani akakhala ambiri pa sikirini, makinawo ankavutika kuwajambula onse, ndiye ankayenda pang'onopang'ono. Ukamawapha, ntchito imachepa, otsalawo n'kuyamba kuthamanga. Iye anaona kuti zikukometsa gemu, n'kuzisiya choncho.

Mfuti yosatulutsa kanthu

Imene inkatizunguza mutu kwambiri ku Balaka inali ya abakha, Duck Hunt. Ukuloza TV ndi mfuti yapulasitiki, kukoka, bakha n'kugwa. Tinkakangana kuti mfutiyo imatulutsa chiyani. Wina ankati magetsi, wina ankati mphepo. Zoona zake, mfutiyo situlutsa kalikonse, imalandira. Mkati mwake muli kachipangizo komva kuwala. Ukakoka, sikirini yonse imada bii kwa kanthawi kochepetsetsa, kenako pamalo pamene pali bakha pamaoneka kabokosi koyera. Ngati mfuti yaloza pomwepo, kachipangizo kaja kamaona kuwala n'kuuza makina kuti wamenya. Ukayang'anitsitsa umaona sikirini ikuphethira. N'chifukwa chake mfuti imeneyi imagwira pa TV zakale za chimsana zija, koma pa TV zopyapyala za masiku ano imakana: TV zatsopano zimachedwa pang'ono kuonetsa chithunzi, ndiye kabokosi kamafika nthawi yoyang'ana itadutsa.

Ndiulule tchimo lina. Kaseti ikakana, tonse tinkaizula, kuiuzira mpweya fuu fuu, n'kuibwezera. Ikayaka, tinkati waona, kuuzira kumathandiza. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anayesa kuizula n'kuibwezera osauzira. Chimene chinkathandiza kwenikweni n'kuzula ndi kubwezera komweko, chifukwa timano tachitsulo ta kaseti tinkakhudzana bwino ndi ta makina ulendo wachiwiri. Mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyezi, ndipo chinyezi chimawononga chitsulo pang'onopang'ono. Tinkasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi n'kuyamikira yolakwika. Mu labu amakuuzani kuti muzisintha chinthu chimodzi, zina zonse zikhale momwemo. Ife tinalephera mayeso amenewo tsiku lililonse kwa zaka zingapo.

Wina anganene kuti

"Koma ankolo, magemu a lero ndi amene ali ndi sayansi yambiri." Zoona, sindikana. Kuti mpira upinde mumlengalenga pa gemu ya PlayStation, kapena mthunzi wa wosewera ugwe mbali yoyenera, pamafunika samu yoopsa. Koma gemu yotero imapangidwa ndi anthu mazanamazana kwa zaka, ndipo iwe wosewera suona chilichonse cha mkati. Umangodya zophikaphika. Pamene Snake, imene Taneli Armanto wa ku Finland anaikonza kuti ilowe mu Nokia 6110 mu 1997, mwana wa Fomu 2 akhoza kuimvetsa yonse madzulo amodzi. Sikirini ya Nokia 3310 inali ndi timadontho 84 m'litali ndi 48 m'lifupi, tonse pamodzi 4,032. Pa kabwalo kakang'ono choncho anthu a dziko lonse anathera maola.

Wina anganenenso kuti magemu akale anali osalakwa, a lero ndi odyera anthu ndalama. Apanso tisanamizane. Makina akale oponyamo makobidi ankawapanga ovuta dala kuti ufe msanga, uponyenso ina. Dyera silinayambe lero. Kusiyana kwake n'kwakuti kale ndalama zikatha unkanyamuka kupita kwanu, pamene lero makinawo umagona nawo pa pilo. Magemu ambiri a pa foni alibe mathero, amakuitana ndi timauthenga, amadya bandulo, ndipo ena amafuna ugule zinthu mkati. Choopsa kwambiri ndi juga yovala malaya a gemu. Apa ndinene mosapsatira: ngati chinthu chikufuna uike ndalama kuti mwina upate zambiri, imeneyo si gemu. Samu yake anaikonza kuti pakapita nthawi mwini wake ndiye apindule, ndipo palibe luso la zala limene lingasinthe zimenezo. Ndalama ya mayeso kapena ya thiransipoti isalowe mmenemo.

Chimene chikundikhudza

Nkhawa yanga ndi iyi. Ndimakumana ndi ana anzeru a ku Ntaja, Nsanama, Ulongwe ndi Phalula amene anagonja kale. Amati za makompyuta n'za ana a ku Blantyre ndi Lilongwe, amene kwawo kuli laputopu ndi intaneti yosatha. Koma taonani: makina a Famicom anali ndi memore yogwirira ntchito ya 2 KB yokha. Foni iliyonse yokhala ndi WhatsApp, ngakhale yosweka galasi, ili ndi mphamvu kuposa pamenepo kutalitali. Alexey Pajitnov anapanga Tetris ku Moscow m'zaka za m'ma 1980 pa kompyuta yosatha n'kujambula zithunzi komwe, moti zidutswa zake anazipanga ndi zizindikiro za pa kiyibodi. Chimene anali nacho ndi lamulo labwino: mzere ukadzaza, ufufutike.

Ndipo ife kuno zimenezi si zachilendo. Pitani pamsika uliwonse mukaone madala ali pa bawo pansi pa mtengo. Thabwa la maenje 32, njere 64, palibe batire, palibe bandulo, koma anthu amasewera moyo wawo wonse osatopa nayo. Gemu ndi malamulo ake. Zithunzi ndi zovala chabe.

Ndiye yesani izi kumapeto kwa sabata ino, mukamaliza homuweki. Tengani pepala, jambulani mabokosi 10 m'litali ndi 10 m'lifupi. Zitsekerero zitatu za mabotolo zikhale njoka, kamwala kakhale chakudya. Funso n'lakuti: njoka imayenda bwanji? Poyamba muganiza kuti muzisuntha zitsekerero zonse. Ayi. Chotsani cha kumchira, ikani kutsogolo kwa mutu, basi njoka yayenda. Nanga ikadya? Ikani chatsopano kumutu, cha kumchira musachotse, basi yakula. Nanga imafa liti? Bokosi limene mutu ukupita likakhala kuti muli kale chitsekerero, kapena ndi khoma. Lembani malamulo atatuwa m'kope mwadongosolo, mupatse mnzanu awatsatire ndendende osawonjezera nzeru zake. Pamene asokonekere, ndiye kuti lamulo lanu lili ndi bowo, likonzeni. Mukatero mwalemba algorithm, ndipo mwaikonza zolakwika, ntchito yomweyo imene opanga mapulogalamu amalipidwa nayo. Ngati kusukulu kwanu kuli makompyuta, funsani aphunzitsi za Scratch, pulogalamu yaulere yochokera ku yunivesite ya MIT ku America, imene imagwira ngakhale popanda intaneti. Malamulo anu aja mukhoza kuwasandutsa gemu yeniyeni.

Usiku uja pa Liwonde magetsi anayaka cha m'ma 9 koloko. Ndinkayembekeza kuti mnyamata uja athamangira kukatchaja foni yake. Anapitadi, koma anabweranso ndi ka Nokia kaja m'manja, n'kundifunsa kuti, "Ankolo, nanga njokayi ikadzaza sikirini yonse, chakudya chimakaonekera pati?" Sindinamuyankhe. Ndinamuuza kuti atenge pepala ndi zitsekerero, ayambe ndi mabokosi 3 m'litali ndi 3 m'lifupi, aone yekha chimene lamulo lake lichite malo akatha. Inunso yesani, ndipo mukapeza yankho mukatsutsane ndi anzanu m'kalasi Lolemba.