Chikoti chichoke m'kalasi, lamulo linene poyera

Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kuzunza munthu kapena kumupatsa chilango chonyazitsa, ndipo likuti nthambi ya boma isakwapule munthu pa mlandu uliwonse. Malamulo a khalidwe la aphunzitsi nawonso amakaniza kumenya ophunzira. Komabe m'sukulu zambiri ndodo ikadali pakona pafupi ndi bolodi, ndipo imagwira ntchito m'mawa uliwonse.

Vuto lagona pa lamulo la maphunziro la 2013, lomwe silinena mwachindunji kuti kumenya mwana kusukulu ndi mlandu. Pa sukulu zomwe si zaboma ndiye pali chimbuuzi, poti gawo 19 lija likukamba za nthambi za boma. Anzathu a ku South Africa adatseka mpata umenewu mu 1996, ndipo a ku Zambia adalemba chiletsochi m'lamulo lawo la maphunziro la 2011. Ife tikudikira chiyani?

Makolo ena amati: “Ifenso tidakula ndi chikoti, ndipo tidaongoka.” Tikuwamva. Koma amene amayankhula chonchi ndi omwe adapirira mpaka kumaliza. Anzawo amene adathawa sukulu chifukwa cha mantha safunsidwa maganizo. Taganizani za mwana wa Sitandade 3 yemwe wayenda mtunda wautali m'mimba muli pululu, nafika belu litalira kale. Akamutchaya zikoti pageti, mawa lake akachedwanso amangobisala m'tchire mpaka nthawi yoweruka. Pakutha pa teremu, dzina lake lafufutidwa m'kaundula.

Chibalo china nacho ndi nkhanza yosintha dzina chabe. Kukumbitsa mwana dzenje lofika m'khosi mwake, kapena kumugwaditsa pamiyala dzuwa likuswa mtengo pamene anzake akuphunzira masamu, n'kumulanga kawiri: thupi lapweteka, phunziro lamudutsa.

Sitikunyoza aphunzitsi. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi adadzaza koopsa, moti m'sukulu zina mphunzitsi mmodzi amayang'anira ana oposa 100, mwina pansi pa mtengo. Munthu wotere ukamulanda ndodo osamupatsa njira ina, udzangomva akuti ana atayirira. N'chifukwa chake chiletso chiyenera kubwera limodzi ndi thandizo.

Choncho tikupempha Nyumba ya Malamulo kuti ikonze lamulo la maphunziro, linene mosapsatira kuti kumenya kapena kunyazitsa wophunzira n'koletsedwa pasukulu iliyonse, yaboma, yampingo kapena ya munthu payekha. Unduna wa Zamaphunziro ulembe zilango zololedwa: kuchenjeza, kuitana makolo, kumuchotsa mwana paudindo wa m'kalasi, kapena kumupatsa ntchito yopepuka ataweruka. Chilango chilichonse chachikulu chizilembedwa m'buku la mphunzitsi wamkulu, alangizi a zamaphunziro azilifunsa akabwera kudzayendera sukulu. Makoleji osula aphunzitsi aziphunzitsa mozama kasamalidwe ka kalasi yodzaza, ndipo bungwe la Teachers Union of Malawi likhale nawo pokonza zonsezi kuti aphunzitsi asazione ngati msampha wowatchera.

Makolo, makomiti a sukulu ndi magulu a amayi oyang'anira ana alinso ndi mbali yawo. Mwana akabwera kunyumba ndi mikwingwirima, nkhani isathere pa mbuzi kapena chipepeso cha mseri. Ifike kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo ikakanika pamenepo, nambala yaulere ya 116 ilipo yothandiza ana.

Kuongola mtengo m'poyamba, ndipo mwambo pasukulu ndi wofunika, palibe akutsutsa. Koma mwana amene akunjenjemera samva za mphunzitsi, amangoyang'ana dzanja lake. Aphungu athu asalole kuti chaka china cha maphunziro chiyambe lamuloli likadali chete.