Kyungu sankavala chiguduli

Sabata yatha ndinaonera sewero la ophunzira lonena za Kyungu ndi anthu ake paphiri la Mbande. Anasewera bwino, koma zovala zinandikhumudwitsa. Mfumu inafunda chitenje cha poliyesitala, anthu wamba anavala ziguduli. Poliyesitala anamutulukira ku Britain mu 1941. Nanga ku Mbande anafika bwanji kalelo?

Mwina muti, "Aphunzitsi, ndi sewero chabe." Ayi. Mukaveka makolo athu chiguduli, oonera amapita kwawo akuganiza kuti anthu akale analibe luso. Si zoona.

Kale anthu ankavala chiwondo. Ankasenda khungwa la mtengo monga mombo, n'kulifewetsa ndi madzi, kenako n'kumalimenya ndi chibonga mpaka litatambasuka. Chiwondo sachiomba: timaulusi ta m'khungwa ndi togwirana kale, kumenyako kumangotimwaza.

Nsalu yoomba inaliponso. Ku Ingombe Ilede, m'mbali mwa Zambezi ku Zambia, akatswiri anapeza tizidutswa ta nsalu ya thonje m'manda a zaka pafupifupi 500 zapitazo. Ku chigwa cha Shire, Amang'anja ankaomba nsalu yotchedwa machila. Nawo mafumu a Angonde ankapeza nsalu posinthanitsa ndi minyanga ya njovu.

Apa m'pamene fizikisi ikulowa. Tengani thonje, mulikoke: limangothothoka. Tsopano lipoteni kaye musanakoke. Lalimba, eti? Kupota kumapanikiza timaulusi, friction n'kukula, ndiye sitingapulumukane. Poomba, ulusi wina umamangidwa mokungika m'litali, wina n'kumadutsa chopingasa, pamwamba, pansi, pamwamba, pansi. Pamphambano iliyonse pali friction. Mukaomba mothithikana, mphambano zimachuluka, nsalu n'kulimba.

Ndikudziwa, kuomba kumadya nthawi, ndipo mayeso a MSCE sadikira. Komanso kusenda khungwa kuzungulira thunthu kumapha mtengo, choncho musathamangire kutchire ndi zikwanje. Koma thonje timalima konkuno ku Karonga. Timitengo tinayi ndi ulusi n'zokwanira kuomba lamba wa mfumu. Chovala chonse chikakanika, gulani nsalu ya thonje yopanda maluwa. Kuti mutsimikize, yatsani kaulusi kamodzi aphunzitsi ali pomwepo: thonje limasiya phulusa, poliyesitala amasungunuka n'kuuma ngati pulasitiki.

Musanasewerenso, pitani ku Cultural and Museum Centre Karonga mukafunse, mukachezenso ndi agogo kumudzi. Mawu a m'sewero mumawaloweza mosamala. Chitani chimodzimodzi ndi zovala.