ULALO WA DENGA WA KU BLENHEIM

Lero tinena za ulalo wa kutali, ku North Blenheim, kamudzi ka alimi m'chigawo cha New York ku Amereka.

Ulalowu unamangidwa m'chaka cha 1855 pa mtsinje wa Schoharie, mmisiri wake Nicholas Powers wa ku Vermont. Unali wa mitengo, wa njira ziwiri, ndipo unadumpha mapazi 210 popanda mzati pakati pa madzi. Pamwamba anaufolera denga, nakhoma matabwa m'mbali. Wina adzaseka, nati, agonamo ndani mu ulalo kuti aufolere? Koma inu amene mufolera nkhokwe chaka ndi chaka mudziwa. Mtengo wobvumbwa ndi mvula, nuombedwanso ndi dzuwa, uola msanga. Ulalo wa mitengo wa pamtetete kawirikawiri sufika zaka 20. Uwu unaima zaka 156.

Cha m'ma 1930 anamanga wina wa chitsulo pafupi pake, ndipo wakalewo unati ugumulidwe. Eni mudzi anakana kwa mtu wa galu, akulu a boma la Schoharie nabvomera kuusunga. Mu 1964 boma la Amereka linauwerenga pakati pa zinthu zazikulu za mbiri ya dziko lonse. Akadakhala chete alimi aja, akuluwo akadalemba chiani?

Tsono pa 28 August 2011 namondwe wochedwa Irene anadzaza mtsinje, madzi nanyamula ulalo, nauphwanya. Bungwe la boma loona za ngozi, FEMA, poyamba linakana kulipira womanga wina. Anthu sanatope, anabwererako ndi madandaulo ao kufikira ndalama zinaturuka, ndipo mu 2018 ulalo watsopano unatha, wofanana ndi woyamba uja.

Alipo onena kuti ndalamazo zinapita pachabe, pakuti galimoto silioloka pamenepo. Mau amenewa sitiwapeputsa, ndipo tibvomera kuti watsopano si wakale ai. Dzina la wakalewo analifafaniza m'kaundula muja mu 2015. Koma ife titi eni mudzi anakhoza. Mudzi waung'ono uli ndi zinthu zochepa zoitana alendo, ndipo si kwa mlembi wokhala mu ofesi ya kutali kunena chimene uyenera kutaya.

Pomanganso anakweza maziko a mbali zonse ziwiri, kuti chigumula chonga cha 2011 chidzapite pansi pake.